Mawu oti "akuti" sakupulumutsani kukhothi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yoipitsa mbiri ya munthu, poti ambiri pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp akumalimba mtima kuti ine palibe angandisumire, zomwe ndalembazo ndi zoona. Eya, lamulo limalola kudziteteza choncho, zikakhala zoona mlandu wathera pomwepo. Koma anzathuwa sakudziwa kuti m'mayiko otsata malamulo a ku England khothi silimuuza wodandaula kuti aonetse kuti wanamiziridwa ayi, mtolo wonse uli pa iwe unalembawe, ubweretse umboni.

Ndiye umboniwo si sikirinishoti ya meseji yomwe yadutsa m'mafoni ambirimbiri mpaka mwini wake osadziwika. Ukalemba kuti "akuti bwana uje anaba ndalama za kampani", jaji alibe nazo ntchito zoti anthu amakambadi zimenezo, akufuna uonetse kuti munthuyo anabadi, malisiti, mapepala a kubanki, mboni yoti iime m'bokosi ilumbire uku loya wa mbali inayo akuipanikiza ndi mafunso, ndipotu amene anakunong'oneza uja tsiku limenelo foni yake imakhala yothima. Kubwereza za wina lamulo limakutenga ngati wanena ndiwe.

Chabwino chake nchakuti safuna kuti kalikonse kakhale ndendende, bola thunthu la nkhani likhale loona. Mu 1865 kampani ya njanji ku England inalengeza kuti munthu wina wokwera sitima opanda tikiti anagamulidwa kulipira faindi kapena kukakhala kundende masabata atatu, pomwe anali awiri, khothi linati kusiyana kumeneko pakokha sikokwanira kugwetsa kampaniyo. Mu 2020 katswiri wa mafilimu Johnny Depp analuza ku London atasumira nyuzipepala ya The Sun yomwe inalemba kuti ankamenya mkazi wake, jaji anakhutira ndi umboni pa nkhani 12 mwa 14 zomwe nyuzipepalayo inabweretsa. Koma taonani, imeneyo ndi nyuzipepala ya maloya ake ndi ndalama zake, osati munthu wongogula bando nkuyamba kutaipa.

Chondiopsa ine nchakuti ukakakamira mpaka kumapeto kuti ndi zoona kenako umboni nkukukanika, chipukutamisozi chimatha kukwera poti wamuchititsanso manyazi munthu pagulu, kuphatikiza apo ulipirenso maloya ake. Chonde a Mkonzi, tipezereni loya azitifotokozera zimenezi m'nyuzi yanuyi m'Chichewa chomveka.

Ine wanu,
Wowerenga