Dandaulo pa TV yomwe ikukana kulumikizana ndi kompyuta

Kwa a Manijala,

Bwana, nkhani ya TV yomwe ndinagula pa shopu yanu ya ku Limbe yanditopetsa. Tsiku logula ndi mtundu wa TV zili m'mabuku anu, sindibwerezanso. Ndikalumikiza laputopu ndi chingwe cha HDMI, TV imangolemba kuti "No Signal", ndipo laputopuyo siizindikira n'komwe.

Pafoni anyamata anu anandiuza kuti vuto ndi ma settings. Zonse zomwe ananena ndinachita. Pa rimoti ndinasankha HDMI 1, kenako HDMI 2. Pa laputopu ndinadina mabatani a Windows ndi P n'kusankha Duplicate, osatheka, Extend, chimodzimodzi. Mu Display settings ndinadina Detect, Windows n'kuyankha kuti palibe sikirini ina. Ndinaikanso driver watsopano wa graphics (pulogalamu yoyendetsa zithunzi pa laputopu), bandulo yanga n'kuthera pomwepo, ndipo ndinagula chingwe china. Kenako ndinatenga laputopu yomweyo ndi chingwe chomwecho kukayesa pa TV ya aneba, chithunzi chinabwera nthawi yomweyo. Choncho chowonongeka ndi polowetsa chingwe pa TV yanuyi.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi zomwe zinachitika Loweruka. Ndinanyamula TV kuchoka ku Machinjiri pa minibasi, n'kulipirira mpando wakewake kuti isasweke. Nditafika, mnyamata wa pakauntala sanadzuke, maso ali pa foni yake. Ndisanamalize kufotokoza anandidula mawu: "Madala, zinthu izi zimafuna ozidziwa. Bwanji osauza mwana wanu akupangireni?" Ananena zimenezi anthu ali pamzere, ena mpaka kuseka. Bwana, ine ndi munthu wamkulu, ndipo ndalama zanga munalandira ndi manja awiri. Ndinapempha kuti tiyesere pomwepo ndi laputopu ya pashopu, ntchito ya mphindi zochepa chabe. Anakana, akuti tekinishani wapita ku Ginnery Corner, ndibwere Lolemba. Lolemba ndinabweradi, anati bwana kulibe. Tsopano foni yanga sakuyankhanso.

TV imeneyi sindinagulire mpira ayi. Madzulo ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 omwe akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndimafuna aziona zojambula za Biology pa sikirini yaikulu. Pano akuunjikana pa kalaputopu kamodzi, makolo akundifunsa mafunso.

Ndikufuna TV iyesedwe ine ndikuona. Ikakana, mundisinthire ina kapena mundibwezere ndalama zanga, kuphatikiza za thiransipoti. Mnyamata ujanso andipepese. Sabata ino ikatha popanda yankho, ndikadandaula ku mabungwe oteteza ogula a Competition and Fair Trading Commission komanso Consumers Association of Malawi (CAMA), ndipo anzanga aphunzitsi omwe amafuna kugula kwa inu ndiwauza zonse zomwe ndakumana nazo.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Machinjiri, Blantyre