Kwa mwana wanga, pamene boma lakutuma kukasamutsa anthu a kumadimba

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lafika poipa, moti amayi ako amayamba kuthirira masamba tambala asanalire kachiwiri.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timadulana mawu. Tsiku lija unati anthu a kumadimba ndi osamva, chaka chino musamutsa aliyense, afune asafune, ndipo unawonjezera kuti chosamva adachiphikira m'masamba. Ndikudziwa kuti chinakuyankhulitsa ndi chisoni. Unaona ndi maso ako zimene madzi anachita mu Januwale 2015, unaonanso za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo sufuna kukawerenganso mitembo. Inenso sindifuna. Koma mawu akuti afune asafune ndinawamvapo ndili mwana, ndipo amene ankawanena anali otumidwa ndi boma la atsamunda. N'chifukwa chake andisowetsa tulo.

Kusukulu munaphunzira kuti dziko lino linakhala pansi pa Britain mu 1891, linatchedwa Nyasaland mu 1907, n'kulandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Chimene mwina sanakuuzeni n'chakuti mkangano wake unapsera m'chigwa chathu chino. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera ndi Shire ali ndi asilikali a Apwitikizi, nakumana ndi ankhondo a Mlauli, mmodzi wa mafumu a Amakololo amene anatsala kuno atabwera ndi Livingstone. Anthu a Mlauli ananyamula mbendera za Britain, ndipo ambiri anafera pomwepo. London inaopseza Lisbon mu Januwale 1890, kenako mu 1891 mayiko awiriwo anasainirana pangano. Ruo ndi Shire, mitsinje imene anthu ankawoloka popita kukaona apongozi, inasanduka malire. Pamene ankalemba zimenezi panalibe munthu wa m'chigwa muno ngakhale mmodzi. Nsanje anaipatsa dzina la Port Herald, ku Chiromo anaikako ofesi ya kasitomu.

Tsono ganizira ichi. Pa kalembera wa 1945 azungu m'dziko lonse lino sankakwana 2,000, pamene ife tinali oposa 2 miliyoni. Ku boma kunkakhala DC, womuthandiza, mwina ndi mzungu wa zaulimi, basi. Anthu ochepa chonchi akanatha bwanji kulowa m'mudzi uliwonse kuchokera ku Marka mpaka kwa Chapananga? Sankalowamo iwo. Ankalowamo amesenjala, asikari, akalaliki, akapitawo ndi mafumu. Msonkho wa nyumba unali mashiling'i 3 mu 1894. Pambuyo pake anaukweza, n'kunena kuti wogwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu azilipira theka. Wolephera kulipira ankamutenthera nyumba, kapena kugwira mkazi wake n'kumusunga ku boma mpaka mwamuna atapeza ndalama. Woyatsa moto padengapo anali mwana wa m'dziko momwe muno, wodziwa bwino kuti m'nyumbamo muli mbewu ya mapira ya chaka chamawa. Mu 1933 mafumu anapatsidwa makhothi ndi mphamvu zolembedwa, ndipo kuyambira pamenepo mfumu inayamba kuyang'ana kwambiri nkhope ya DC kusiyana ndi nkhope za anthu ake.

Ena amati ife tinali ndi mwayi poyerekeza ndi anzathu. Pali choona pamenepo. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1930 linapatsa azungu pafupifupi theka la malo onse. Ku German East Africa, kumene lero ndi Tanzania, anthu anakakamizidwa kulima thonje mpaka anaukira mu 1905 pa nkhondo ya Maji Maji, ndipo anaphedwa ochuluka ndi mfuti ndi njala. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndipo ine amene ndinakwerapo sitima imeneyo sindinganene kuti inalibe ntchito. Koma inamangidwa kuti itulutse thonje, fodya ndi tiyi, ife tinangokwerako.

Za kutsidya ndi zimene ndikufuna uzimve bwino, chifukwa ndi magazi ako. Agogo ako aakazi, amayi anga, anabadwira cha ku Mutarara. Kumeneko Apwitikizi ankagwira amuna kupita nawo ku chibalo, kukakumba misewu ndi kudula nzimbe, ndipo kuyambira 1938 anakhwimitsa lamulo lakuti banja lililonse lilime thonje pamunda wopimidwa, mtengo wake n'kudula iwo okha. Thonje likachepa, mwini munda ankamutengera ku ofesi kukalandira mbalamatodya. Ndi thabwa lokhuthala lokhala ndi chogwirira, lobooledwa mabowo, lomenyera m'manja. Amayi ankasimba kuti bambo awo atabwerako manja anali atatupa mpaka zala kukanika kupinda. Sankatha kugwira khasu, sankatha kutema nsima, moti mkazi wawo ankawadyetsa kuseri kwa nyumba kuti ana asaone. Amayi anaona ndithu. Ndipo ankati chimene chinawawawa kwambiri bambo awo n'chakuti womenyayo anali msupayi, wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, wolankhula Chisena, wa mudzi woyandikana nawo, amene maliro ankakumana naye. Manja atangopola anakwera bwato usiku n'kuwolokera kuno. Sanali oyamba. Ambiri anali atabwera kale pothawa nkhondo ya Makombe ya 1917, ndipo Amang'anja anawapatsa malo. Chisena chimene umachimva pa msika wa Bangula chinachuluka motero.

Atafika kuno anapeza thonje lomwelo, kungoti popanda mbalamatodya. M'zaka za m'ma 1920 boma linapatsa bungwe la British Cotton Growing Association mphamvu yoti ligule lokha thonje la alimi, ndiye mlimi ankangoyang'ana sikelo, mtengo n'kuuzidwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Shire anadzaza n'kumiza madimba ambiri amene ankalimamo thonjelo, anthu n'kukwera kumphala. Usaganize kuti makolo ako sadziwa kusamuka. Anasamukapo okha, madzi atawauza.

Za malimidwe ndinaziona ndekha. Itapita njala ya 1949, bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbikira kuti aliyense azilima mizere ndi kumanga migula poteteza nthaka. Kumapiri, monga ku Thyolo ndi ku Mulanje, mfundoyo inali ndi nzeru, chifukwa madzi amakokololadi nthaka pamalo otsetsereka. Koma lamulo linali limodzi dziko lonse, ndipo linafika ndi kuno komwe, pa nthaka yathyathyathya. Tsiku lina kunabwera mlangizi ndi chingwe ndi ndodo yopimira. Ndikukumbukira chingwecho, chinali ndi mfundo zomangidwa motalikirana mofanana, ndipo ankachikoka pamunda wa bambo ine nditagwira mbali ina, wosadziwa kuti ndikuthandiza kuwapezera mlandu. Bambo anamufotokozera mwaulemu kuti makande mu Okutobala amauma gwa, khasu limangodumpha, ndipo mzere ukakwezedwa padzuwa la kuno chinyezi chimathawa mbewu isanagwire. Mlangiziyo anali wobadwira m'chigwa muno. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Bambo, ndikudziwa, koma ndatumidwa." Mlandu unakathera kukhothi la mfumu, ndipo mbuzi imene amayi ankasungira fizi yanga inagulitsidwa kuti tilipire chindapusa. Anzawo a bambo amene analibe mbuzi anakagona kundende.

Mnyamata uja sanali woipa mtima. Chimene chinamusowa n'kubwerera kwa omutuma n'kukawauza kuti lamulo ili kuno silikugwira. Ankanyamula mawu kuchokera kumwamba kupita pansi, koma kuchokera pansi kupita kumwamba ankabwerera chimanjamanja. Zotsatira zake, anthu anadana ndi ulangizi wonse, wabwino ndi woipa womwe, ndipo a chipani cha Nyasaland African Congress polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 sanavutike kupeza owatsatira m'midzi. Munthu amene sankadziwa kumene kuli Salisbury, likulu la chitaganyacho, ankadziwa mbuzi yake. Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 3 Malichi 1959, linamanga atsogoleri, koma zinali zitatha kale.

Mbendera inasintha, mchitidwewo sunachoke wonse. Iwe unali wamng'ono nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi. Oima pachipatapo analinso ana athu.

Tsopano chidindo chili m'manja mwako, ndipo ndikunyadira. Sindikuti anthu asiyidwe m'madzi. Mvula ya masiku ano si ya kale, mapiri anametedwa, Ruo ndi Mwanza amabwera ndi mchenga wokwirira nyumba. Alipo malo amene munthu sayenera kugonekapo mwana, ndipo pamenepo ulankhule mosapsatira. Koma usanatchule munthu kuti wosamva, dziwa chimene akukanira. Dimba ndi limene limadyetsa banja kumphala kukakanika. Madzi akaphwa amadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, n'kukolola pamene ena akudya nyika za m'dambo. Malo amene amalozeredwa kumtunda nthawi zambiri ndi amiyala, mjigo uli kutali, ndiponso ali ndi eni ake amene mawa adzati alendo achoke. Kumusi kuli manda a makolo. Nayonso mfumu ikudziwa kuti anthu ake akakakhala m'dera la mfumu ina, ufumu wake watha. Anthu a kwa Nyachikadza akhala akuuzidwa zosamuka kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse amabwerera ndi mabwato. Kodi onsewo ndi opanda nzeru?

Ukapita kumsonkhano usakafike ndi mndandanda wolembalemba kale. Pita usanafike tsiku, tsika m'galimoto, yenda mpaka kumadimba, ufunse amayi achikulire kumene madzi anafika chaka chakuti ndi kumene sanafikepo. Akuuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ena mwa iwo amadziwa mitunda imene mapu anu alibe. Lankhula Chisena chimene agogo ako anakuyamwitsa, Chingerezi uchisungire malipoti. Funsa ngati zingatheke kuti nyumba zikhale kumtunda koma dimba likhalebe la mwini wake, ndipo zimenezo zilembedwe papepala lokhala ndi chidindo, chifukwa chimene anthu akuopa kwenikweni n'chakuti akachoka, malo awo adzapatsidwa kwa wina wandalama. Mantha amenewo sanawatole panjira. Malo ambiri a m'dziko muno anapita kwa azungu ndi ziphaso zimene Harry Johnston anapereka m'zaka za m'ma 1890, eni ake n'kusanduka a thangata pa nthaka ya makolo awo. Polemba maina uyang'anitsitse amayi amasiye ndi nkhalamba zopanda wozilankhulira, poti ndi amene amasowa pamndandanda. Ukapeza banja lochokera kutsidya, usalithamangitse ndi funso la chitupa. Pa nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa oposa 1 miliyoni, ku Nsanje iwo anachuluka kuposa eni mudzi, ndipo tinagawana nawo zitsime mpaka mtendere utabwera mu 1992.

Chovuta kwambiri ndi ichi: zimene ukamve kumeneko ukazilembe momwe zilili, n'kupita nazo kwa akuluakulu ako. Akakuuza kuti chiwerengero cha osamuka chikwane mwezi uno, pamene kumtundako kulibe madzi, uwauze mwaulemu kuti sizitheka ndipo upereke zifukwa. Mwina adzakuona ngati wovuta, mwina kukwezedwa kudzachedwa. Ine ndi amayi ako takambirana, ndipo tati tidzakuthandiza ndi fizi ya ana ngati zitafika pamenepo, ng'ombe ziwiri zija zilipo.

Malume ako amene amaweza ku Chiromo ati ali okonzeka kukuperekeza pabwato, amadziwa njira za m'mabango ndi kumene kuli ng'ona. Undidziwitse tsiku kuti ndiwauze asapite kokoka ukonde. Amayi ako akutumizira mlamba wowamba ndi malambe a ana kudzera pa minibasi ya Loweruka, ukatumize mnyamata akachingamire pa depoti. Upereke moni kwa bambo akunyumba.

Ndine bambo ako.