Kalata yochokera ku Salima

Achimwene,

Katundu uja anafika bwino, Yohane anamunyamula yekha pa kabaza kuchokera pa depoti. Zikomo kwambiri. Koma dziwani kuti pakhomo panga mwapasandutsa holo ya vidiyo, ndipo mlanduwu mudzauyankha mukadzabwera.

Ine ndinkati PlayStation 3 imeneyi ana azidzangosewererapo mpira ngati anyamata a pa Kamuzu Road. Ayi ndithu. Yawagwira mtima ndi gemu ya LEGO Star Wars ija munati ndi yakale, ya 2007. Mayi a Chisomo poyamba anakana, ati zankhondo pano ayi. Atakhala pansi n'kuonerera anapeza kuti mulibe magazi. Kachidole kakamenyedwa ndi lupanga lowala lija kamangophwasuka, mutu uko miyendo uko, kenaka n'kudzukanso kathunthu. Tizidoleto sitilankhulanso, timangong'ung'udza ndi kuloza ndi manja, ndiye ngakhale agogo akuitsata nkhani popanda Chingerezi. Darth Vader amamutcha "wa chipewa chakuda", akangotulukira iwo kuseka mpaka misozi.

Chimene ndakonda n'choti amasewera awiri. Pali zitseko zina zosatseguka mpaka aliyense aime pa batani lake, moti Chisomo ndi Tadala, amene ankalimbirana ngakhale mkute, masiku ano akuitanizana.

Koma pali chimene chikundisowetsa tulo. Chisomo wasiya waya. Mukukumbukira lole yake ija ya matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chofika m'chiuno? Ili pa denga la khola la nkhuku, yachita dzimbiri. M'gemumo kumanga n'kungogwira batani limodzi, tinjerwa ta pulasitiki timadumpha tokha n'kukhala mlatho kapena ndege. Chala sichibayidwa, pulayazi safunika, sulakwitsa n'kuwongolanso. Tsopano akundiumiriza kuti ndimugulire tinjerwa tenitenito ta LEGO, toseweretsa ana tochokera ku Denmark. Ndalama yake ndiitenge kuti, feteleza ali pamtengo umenewu? Ndipo si iye yekha. Ana a kwa Mbewe, a kwa Saidi, onse akaweruka ali pakhonde panga, nsapato mbwee pakhomo, madzi a mu mtsuko kutha lisanalowe dzuwa. Palibe akupinda waya, palibe akuumba ng'ombe za dongo. Mawa adzakonze njinga ndani? Adzasoke ukonde ku Senga Bay ndani? Mayi ake akuti ndikukulitsa nkhani, mwana ndi mwana, zidzamutopetsa. Mwina. Koma manja ake aja ndimawadziwa ine, si manja wamba, ndipo mtima ukundiwawa kuwaona akungodina.

Magetsi akazima ndi pamene ndimapumako. Dzulo ndinamuuza kuti andipangire ndi waya ndege ija yamapiko opingasa imene amaikonda. Sanayankhe, koma anandifunsa komwe kuli pulayazi.

Nabanda anakwatiwa mwezi watha, ukwati unayenda bwino. A Chirwa a ku tchalitchi anatisiya, tinawaika kwawo ku Khombedza. Usipa wakwera mtengo, mwera sukupatsa asodzi mpata.

Za gemu yatsopano ija ya 2022, ya mafilimu onse 9, musavutike nayo. Siisewera pa makina ano, imafuna PlayStation 4, ndipo ndikukudziwani inu, mungatumizenso makinawo. Ngati muli ndi kanthu kotsala ku Johannesburg kumeneko, kuli bwino mumufunire mwanayu tinjerwa tija ngakhale togwiritsidwa kale ntchito, bola azigwira ndi manja. Pepala landithera, koma za denga la mayi anu lija ndimafuna ndikuuzeni kuti malata aja