Chigamulo cha vakabu chifike mpaka kumadoko

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhule za lamulo la vakabu, chifukwa kuno ku Mangochi nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Ntchito ya kunyanja imayamba tambala asanalire. Wopikula usipa amayenera kufika padoko alovi asanakocheze, apo ayi apeza zotsala. Amayi a geni amanyamuka ndi mabeseni pamutu kukadali mdima, anyamata a kabaza ali kale pamsewu kudikira katundu. Palibe mwa iwowa amene amayenda ndi kalata yonena komwe akupita.

Mu 2015 apolisi ku Blantyre anamanga Mayeso Gwanda mbandakucha, ali paulendo wokagulitsa majumbo ku Limbe. Mlandu wake unali wa vakabu. Iye sanangovomera ayi, anakamang'ala ku khoti lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndimeyi inkalola wapolisi kumanga munthu pongomuganizira kuti nthawi ndi malo amene wapezekawo akuonetsa zolinga zoipa. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba, pa mlandu wa anthu amene anatoledwa ku Kasungu, linanenanso kuti chipikisheni chongokokolola aliyense wopezeka panjira n'chosaloledwa.

Zigamulo zabwino zedi. Koma kodi wafika nazo ndani kwa Makanjira, kwa Nankumba, ku Malombe?

Mlamu wanga amagulitsa utaka wouma. Tsiku lina anamugwira m'mawa kusanache, ndalama ya mpamba ili m'thumba, namutsekera m'chitokosi pa polisi ina. Mkazi wake atapita ndi phala, anauzidwa kuti abweretse kangachepe kuti mwamunayo atuluke pa belo. Anagulitsa mbuzi. Mayi ameneyu sankadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, sankadziwanso kuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chimene akumva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kupatula mapeto a sabata ndi masiku a tchuthi, nthawiyi si yokambirana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: ambiri akafika pamaso pa majisitireti amangovomera mlandu. Wina amawanong'oneza kuti "ingovomera, ulipire faindi, uzipita kwanu." Munthu wagona pasimenti, ana kunyumba alibe ufa, nsomba zake zikuwonongeka, akana bwanji? Amavomera, n'kutuluka ali ndi mbiri ya mlandu umene sanapalamule, mbiri imene idzamutsekereza pofuna ntchito mawa. Akakana, akuopa rimandi, pomwe ndende zathu n'zothinana moti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linanena kuti kusunga anthu motero n'kuwachitira nkhanza.

Sindikunena kuti apolisi asagwire ntchito usiku. Akuba maukonde ndi injini za maboti alipo, ndipo tonse timafuna agwidwe. Koma agwidwe pa umboni, osati chifukwa munthu wavala zakutha ndipo akuyenda wapansi. Wa galimoto akadutsa nthawi yomweyo palibe amamufunsa kuti akupita kuti.

Pempho langa likupita ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ndi kwa akuluakulu a polisi m'boma lino. Musatidikire ku ofesi. Munthu wa kwa Makanjira sangasiye ntchito n'kulipira thiransipoti ya mtunda wonse uja kudzangofunsa funso pa boma. Bwerani pa msika, lankhulani pa wailesi ya Dzimwe, pemphani mashehe ndi abusa alengeze Lachisanu ndi Lamlungu, m'Chiyao ndi m'Chichewa. Makomiti oyang'anira madoko amakumana kale pa nkhani za nyengo yotseka nyanja; apatseni uthenga umenewu nawonso. Ndipo pakhomo pa polisi iliyonse pamatidwe chikalata cha zilembo zikuluzikulu chonena za maola 48, za belo yaulere, ndi nambala ya foni ya Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, kuti wopemphedwa ndalama adziwe koimba.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa,
Mpondasi, Mangochi