Maepiskopi athu atilembere lamulo limodzi pa ubatizo ndi maliro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiwapemphe kanthu maepiskopi athu a Katolika kudzera m'nyuzipepala yanu.

Zoti malamulo ena a mpingo amasiyana m'mayiko sindikudandaula nazo. Ku England ndi ku Wales akhristu adabwerera ku mwambo wosala nyama Lachisanu lililonse mu 2011, pomwe ku America lamulo la Lachisanuli limagwira m'nyengo ya Lenti yokha. Ku Ukraine ndi ku Lebanon kuli ansembe okwatira omwe ali pansi pa Papa yemweyu. Ngakhale kuno kwathu, mu Disembala 2023, Vatican italola ansembe kudalitsa anthu okhala pamodzi mosatsata lamulo la ukwati, maepiskopi athu adalengeza msanga kuti m'Malawi muno amuna kapena akazi okhaokha okhalira limodzi sadalitsidwa. Kaya munthu adagwirizana nazo kaya ayi, zidalembedwa, aliyense adawerenga yekha.

Chondiwawa ine n'chosalembedwa, chimene chimasintha ukangowoloka mtsinje kulowa parishi ina. Mdzukulu wa achemwali anga adamubweza pa ubatizo chifukwa mayi ake adamubereka osadalitsa ukwati. Akatekisiti adati mayiyo ayambe wabwerera m'masakramenti. Atasamukira ku dayosizi ina, khanda lomwe lija lidabatizidwa popanda wina wofunsa za bambo ake. Nanga lamulo ndi liti? Buku la malamulo a mpingo la 1983, pa nambala 868, limangofuna chilolezo cha kholo ndi chiyembekezo choti mwanayo aleredwa m'chikatolika.

Pa maliro ndiye pali misozi iwiri. Mtembo uli m'nyumba, amayi ali khumakhuma pakhonde, atsogoleri a mphakati atsegula kaundula kuona ngati malemu ankapereka mtulo. Kwina amaimba basi. Kwina kwaya imauzidwa kuti isatsegule pakamwa mpaka abale alipire zotsalira. Chonsecho nambala 1181 imanena kuti osauka asamanidwe mwambo woyenera wa maliro chifukwa cha ndalama. Mtulo ndi wofunika, inde, tchalitchi sichifoleredwa ndi mapemphero. Koma ngongole yake siyoitanitsa pa siwa.

Madayosizi athu alipo 8 okha. Maepiskopi akhale pansi agwirizane za ubatizo wa ana, maliro ndi kuimitsa munthu masakramenti, azilembe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kabukuko kafike m'manja mwa wapampando wa mphakati uliwonse. Pomwe bambo mfumu ali ndi ufulu wogamula okha, alembeponso choncho, kuti tizidziwa kokadandaula.

Mkhristu wa mumphakati,
Lilongwe