Kalata kwa akhristu onse: za madzi ndi zimbudzi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Chisomo ndi mtendere wa Ambuye zikhale ndi inu nonse. Ndakulemberani mvula isanayambe, chifukwa nkhani imene ili pamtima panga siingadikire mpaka zitsime zitadzaza matope. Ena adzaona ngati nkhani ya zimbudzi siyoyenera kuchokera kwa mbusa. Koma ife abusa ndi amene timaima pamanda, ndipo maliro a mwana wophedwa ndi matenda otsegula m'mimba sachoka m'maso.

Tiyambe ndi kuthokoza, pakuti zinthu zasintha. Pa 28 July 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo mu 2015 mayiko analonjezana kuti pofika 2030 onse akhale nazo. Kuno kwathu, midzi yambiri imene agogo athu ankamwa madzi pamodzi ndi ng'ombe lero ili ndi mijigo. Pampu ya Afridev imene timapopa tsiku ndi tsiku anaipanga dala kuti anthu a m'mudzi omwe azitha kuitsegula ndi kuikonza osadikira akatswiri ochokera kutali. Mafumu ambiri agwirizana ndi anthu awo kuti kudzithandizira kutchire kutheretu. Ngakhale mayiko aphunzira kukhalira pansi pa nkhani ya mitsinje. Madzi a Nyanja ya Malawi amatsika ndi Shire n'kukalowa mu Zambezi, ndipo pangano la mtsinjewo, limene linasainidwa ku Kasane m'dziko la Botswana mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011, lero limamanga pamodzi Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Tikakumbukira mmene abusa a ziweto a ku Gerari analimbirana zitsime ndi anyamata a Isake pa Genesis 26, tiona kuti kugawana madzi mwamtendere ndi dalitso lalikulu.

Komabe kolera inabwera n'kutisonyeza pamene tinasiya mpata. Inayambira ku Machinga mu March 2022, siinaleke ngakhale m'chilimwe, inafika m'maboma onse, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Tisanapume, namondwe Freddy anagwetsa zimbudzi ndi kukwirira zitsime kumwera mu March chaka chomwecho. Anzathu a ku Zambia nawo, mu January 2024, anasandutsa bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka kukhala chipatala cha odwala kolera. Zonsezi zinachitika mijigo ilipo.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Madzi amatha kutuluka pamjigo ali abwinobwino koma n'kufika pakamwa pa mwana ataipa. Taganizirani ulendo wake. Ndowa ija yatsukidwa ndi mchenga chabe. Pamwamba tathyolerapo masamba kuti madzi asakhavukire panjira, masamba amene sitikudziwa chimene chinawagwera. Kunyumba athiridwa mumtsuko wopanda chivindikiro, ndipo kapu imodzi ndiyo yotungira ndi yomwera. Mwana wochokera kuchimbudzi amaimiza mumtsukomo ndi zala zomwe. Kachirombo ka kolera sikaoneka, sikanunkha, sikasintha mtundu wa madzi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amatichonderera kuti tizithira klorini kapena kuwiritsa madzi akumwa, tizivindikira, ndipo chotungira chikhale ndi mpini wautali, chisakhale chomwera.

Nanga mjigo ukafa? Kawirikawiri chimene chatha ndi karabala kakang'ono kapena ndodo imodzi ya m'kati. Komiti ikafuna kugula, ipeza thumba lili mbee, popeza mabanja analeka kusonkha kalekale, ena akuti mjigo ndi wa boma, ena akuti ndi wa bungwe limene linakumba. Pakutha sabata amayi abwerera kudambo. Walira mvula walira matope: amene tinapempha mjigo tinalandiranso ntchito yousamala. Mkhristu asakhale womalizira kupereka chopereka cha mjigo, ndipo amene mwasankhidwa kusunga ndalamazo muziwerenga poyera pamaso pa mudzi. Ndalama ya madzi ikadyedwa, amene amalipira ndi ana.

Pa za zimbudzi Mulungu sanachite manyazi. Pa Deuteronomo 23:12-14 analamula Aisraeli kuti akhale ndi malo kunja kwa misasa, aliyense akhale ndi chokumbira, ndipo akadzithandiza afotsere, chifukwa Iye amayenda pakati pa misasa yawo. Lamuloli analipereka kwa anthu a paulendo, okhala m'mahema. Nanga ife okhala m'nyumba zofolera bwino tidzawiringula chiyani? Ndiyambe ndi pakhomo pa tchalitchi. Timasonkhana mazana pa Lamulungu, pa misonkhano ya chitsitsimutso timagona pomwepo, koma zimbudzi zathu n'zochepa, zilibe zivindikiro, ndipo posamba m'manja palibe. Agogo ndi abale athu olumala sangathe n'komwe kugwiritsa ntchito. Sitingalalikire ukhondo kumudzi zinthu zili chonchi kwathu.

Ndikupempha abambo ndi achinyamata kuti mutenge makasu. Mtolo wa madzi tausenzetsa amayi ndi atsikana kwa nthawi yaitali; mtsikana amene wakhala pamzere wa mjigo kuyambira tambala woyamba amafika m'kalasi atatopa kale. Kumbani zimbudzi kutali ndi chitsime, kumunsi kwake, mulimbitse m'mbali kuti zisagwe ndi mvula, ndipo pakhomo pake muimike mpondagiya, chigubu chosambira m'manja chopondera ndi phazi, wokhala ndi sopo kapena phulusa. Muyambire kwa amasiye ndi okalamba amene sangakumbe okha.

Pa maliro ndi pa maukwati tileke kusamba m'manja tonse m'beseni imodzi, wina azithirira. Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, mum'mwetse Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kolera imatha kupha munthu tsiku lisanathe. Tidzapemphera, inde, koma tizipemphera tili panjira. Aliyense wokuuzani kuti kupita kuchipatala ndi kusowa chikhulupiriro akukusokeretsani.

Boma nalo lili ndi mbali yake, makamaka m'matauni mmene mipopi imauma masiku angapo ndipo anthu amathamangira kumitsinje yodzaza zinyalala. Funsani makhansala ndi aphungu anu mwaulemu koma mosatopa. Ife tisalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mitengo ya kumagwero a madzi tiileke.

Lamulungu likubwerali tikaweruka, akulu a mpingo, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata atsalire kuti tigawane ntchito ya zimbudzi za patchalitchi. Mtsogoleri wa dera lililonse abwere ndi mayina a makomo amene alibe chimbudzi ndi a mijigo imene inafa.

Ambuye akusungeni inu ndi ana anu m'dzinja lonseli.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu