Kalata kwa mwana wanga woyenda ndi kamera

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti mwendo wa mayi ako ukumavutabe kukazizira. Zithunzi za ulendo wako wa ku Mulanje ndi ku Dedza taziona pafoni ya mlongo wako. Diso uli nalo, zimenezo sindikana. Chandigwiritsa cholembera lero ndi timawu timene umaika pansi pa zithunzizo.

Pa cha Sapitwa unangoti "malo okongola kwambiri". Basi? Kukongolako tikudzionera tokha. Iwe unakwera mpaka pansonga ya mamita 3,002, miyendo ikunjenjemera, koma sunatiuze mmene mphepo ya chiperoni imalasira m'mafupa, kapena fungo la mkungudza, lomwe kamera singaligwire. Ngakhale dzinalo unalidumpha, chonsecho ndi nkhani payokha: makolo anatcha malowo Sapitwa poti ankati n'kwa mizimu, munthu sapitako. Chimene galasi la kamera lalephera, chimenecho ndiye uzilemba.

Ku Chongoni ndiye unandikhumudwitsa. "Zojambula zakale," watha. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira zija ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina za Nyau, zina za chinamwali. Ojambulawo sanasiye mawu pansi pake ayi, mawuwo anali m'kamwa mwa anamkungwi. Tsono udziwenso kuti si zonse zimene wamva kumeneko zoyenera kuziulutsa. Zina umangozisunga pamtima n'kubwera nazo.

Nanga gogo uja wa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, unamupempha? Ndikuona wapotoza nkhope, dzanja lili m'mwamba ngati akudziphimba. Safunsa anadya phula. Pakhomo pa eni timayamba ndi "odi", ndipo nkhope ya munthu ndi khomo lakenso. Yamba wapereka moni, gula mulu umodzi, cheza naye, kamera ituluke pambuyo. Akakana, bweza m'chikwama. Chithunzi chimenecho uchichotse.

Za chinenero sindichulukitsa, ungati mphunzitsi wopuma wayambanso. Chizungu lemba, chimakudyetsa. Koma ukasankha Chichewa, chikhale Chichewa mpaka chiganizo chithe, osati mutu wa kuno, mchira wa ku London. Ife malamulo a kalembedwe, amene anayamba kutuluka mu 1973 bungwe la Chichewa Board litangokhazikitsidwa, tinawaloweza ndi chikoti pambali. Iwe sindikukupempha zambiri: "ku Mulanje" patula, "kumudzi" phatikiza. Ndipo samala mawu a nkhope ziwiri. Unalemba kuti "tinadya kamba panjira", mayi ako n'kudabwa kuti wayamba liti kudya nyama ya chigoba! Ukamaliza kulemba uziwerenga mokweza. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali chokonza.

Ndamva kuti mwezi wamawa ukwera Ilala kupita ku Likoma. Sitimayo yakhala panyanja kuyambira 1951, ndi mkulu wanga ameneyo, uyilemekeze. Tenga juzi, usiku pamwamba paja pamazizira. Tchalitchi chachikulu cha St Peter uchijambule, koma undilemberenso zimene amayi amakambirana m'boti potsika ndi mitolo yawo. Chithunzi chimodzi uchitsukitse ndithu, cha pafoni maso angawa sachiona bwino. Mayi ako akuti usaiwale usipa.

Ndine bambo ako.